Maondo, Sileti ndi Desiki: Mbiri ya Polembera ku Bembeke

Kulemba kunafika ku Bembeke desiki isanafike, ndipo kuchokera m'chaka cha 1910, pamene ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni pamapiri a kumeneko kum'mwera chakum'mawa kwa boma la Dedza, chiwerengero cha anthu olemba chakhala chikuposa chiwerengero cha matebulo ndi madesiki olemberapo. Chifukwa cha ichi, polembera pa anthu ambiri a m'dera la Mfumu Kamenyagwaza, monganso pa Amalawi ambiri a m'midzi, pakhala pali pamiyendo pawo, ndipo njira iliyonse yatsopano yolembera imene inabwera, kuyambira sileti, kope ndi inki kufikira laputopu ya masiku ano, inkabweretsa funso limodzimodzi m'maonekedwe atsopano, lakuti chinthu cholembapocho chitsamire pa chiyani kuti dzanja liyende bwino ndipo thupi lisavutike. Thabwa la pamiyendo, limene lero limagulitsidwa m'masitolo a m'mizinda ngati chipangizo cha ogwiritsa ntchito kompyuta, ndi yankho lina chabe pa mayankho amene anthu akhala akuyesa kwa zaka zoposa 110.

Achewa ndi Angoni a Maseko amene ansembewo anawapeza pamapiripa sankasowa tebulo, popeza ntchito zawo zamanja zinali zokonzedwa molingana ndi kakhalidwe kawo ka pansi. Amayi ankakhala tambalale pamphasa, lichero lili pamiyendo, n'kumasankha nyemba kapena mawere, pamene abambo ankakhala pachitsa kapena pachikumba, dengu lolukidwa kapena mpini wosemedwa ataupana ndi maondo. Lichero ndi lofunika kulikumbukira pankhaniyi chifukwa lili ndi zonse zimene chinthu chogwirira ntchito pamiyendo chimafunika kukhala nazo: ndi lopepuka, ndi lotambalala mokwanira kuti likhazikike pantchafu zonse ziwiri, lili ndi mkombero wotchinga kuti zinthu zisatayike, ndipo likathyoka limakonzedwa m'mudzi momwemo. Zizindikiro zimene makolo anasiya zojambulidwa m'derali, monga za m'mapanga a Chongoni, amene bungwe la UNESCO linawalemba pam'ndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006 ndipo ali ndi malo 127 a zojambula, zinkapakidwa pathanthwe losasunthika, moti wojambula ndiye ankapita kumene kuli chojambulapo. Kulemba kwa zilembo kunatembenuza zimenezi, chifukwa tsopano cholembapo chinali chaching'ono ndi chonyamulika, ndipo chinafunika kuti thupi la wolembayo lichipezere pokhala.

Ansembe a White Fathers, chipani chimene Kadinala Charles Lavigerie anayambitsa ku Algiers m'chaka cha 1868, anayesa koyamba kukhazikika kwa Mponda mu 1889 koma anachokako mu 1891, ndipo atabweranso anatsegula mishoni ya Mua mu 1902 ndi ya Mtakataka mu 1908. Malo awiriwa ali kuchigwa, kumene kutentha ndi malungo zinkafooketsa azungu, choncho Bembeke, amene ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, poyamba anasankhidwa ngati malo opumulirako ndi kuchirirako. M'kupita kwa nthawi malo opumulirawo anasanduka likulu, lokhala ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa, sukulu, malo ophunzitsira aphunzitsi ndi makina osindikizira mabuku amene pambuyo pake anasamutsidwira ku Likuni. Koma mphamvu ya mishoni sinali pa likulu pokha. Inali m'masukulu ang'onoang'ono a m'midzi, amene ankatsegulidwa mofulumira chifukwa cha mpikisano ndi mishoni ya Dutch Reformed Church, imene inali itakhazikika kale ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo inali ndi malo ena ku Mlanda, kufupi ndithu ndi Bembeke. Mpingo umene unkayamba kuika mphunzitsi m'mudzi ndiwo unkatenga mudziwo, ndipo pampikisano wotere panalibe amene akanadikira mipando. Sukulu inali chisakasa cha udzu kapena mthunzi wa mtengo, mipando inali mitengo yogoneka pansi kapena timipanda ta dothi, ndipo zilembo zoyamba ana ankazijambula ndi chala pamchenga wosalazidwa.

Chipangizo chimene chinachititsa kuti sukulu zoterezi zitheke chinali sileti, kamwala kakuda kosalala kozunguliridwa ndi felemu ya matabwa, kamene mwana ankalembapo ndi pensulo ya mwala womwewo n'kufufuta akamaliza. Masileti ambiri amene ankafalitsidwa m'maiko olamulidwa ndi Britain ankachokera kumigodi ya kumpoto kwa Wales, ndipo ankakondedwa chifukwa anali otsika mtengo poyerekeza ndi mapepala, amene amatha akangolembedwapo kamodzi. Ubwino wake wina, umene olemba mbiri ya maphunziro sautchula kawirikawiri, ndi wakuti sileti inali tsamba komanso desiki nthawi imodzi. Popeza ndi yolimba ndipo siipindika, mwana ankatha kuitsamiritsa pabondo, kuigwira ndi dzanja lamanzere kapena kuigoneka pantchafu, ndipo chilembo chinkatuluka chowongoka ngakhale mwanayo atakhala pamtengo wogoneka. Kuipa kwake kunali kwakuti inkasweka ikagwa, ndiponso sinkasunga kanthu, kotero kuti zimene mwana walemba m'mawa zinkafufutidwa dzuwa lisanapendeke, ndipo maphunziro onse ankadalira kuloweza. Njira yofanana ndi imeneyi inalipo kale pakati pa Asilamu, kuphatikizapo Ayao a m'boma la Dedza monga a kwa Tambala, pakuti m'madrasa a kum'mawa kwa Africa ana ankalemba ndime za Qur'an pathabwa losalala limene ankaligwirizira pamiyendo, n'kulitsuka akaloweza.

Kulembera pamiyendo si chizindikiro cha umphawi wokha, ndipo si chinthu chachilendo m'mbiri ya dziko lapansi. Chosema chotchuka cha mlembi wa ku Egypt, chimene Auguste Mariette anafukula ku Saqqara m'chaka cha 1850 ndipo chikusungidwa ku Louvre mumzinda wa Paris, chimaonetsa munthu atakhala pansi atapinda miyendo, nsalu ya m'chiuno itakokeka n'kulimba pakati pa maondo, ndipo mpukutu wolembapo uli pamwamba pa nsaluyo. Ku Ulaya ndi ku America, m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, anthu ophunzira amene ankayenda maulendo ankakhala ndi kabokosi kolembera, kamene kakatsegulidwa kankapanga thabwa lopendekeka, ndipo mkati mwake munkakhala mapepala, nthenga zolembera ndi kabotolo ka inki. Thomas Jefferson analembera chikalata cha ufulu wa America cha mu 1776 pakabokosi kotere, kamene anamupangira mmisiri wa matabwa wa ku Philadelphia dzina lake Benjamin Randolph, ndipo wolemba nthano Jane Austen anapatsidwa kake ndi bambo ake mu 1794, kamene lero kali ku British Library. David Livingstone, amene anakwera mapiri a Kirk Range mu 1866 paulendo wake womaliza, ankalemba zoona ndi maso m'timabuku ta m'thumba kulikonse kumene wapumira, ndipo mu 1871, mapepala atamuthera ku Nyangwe, analemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ndi inki yofinyidwa ku mbewu za m'tchire. Ansembe a ku Bembeke, amene ankayendera midzi pansi kapena panjinga kwa masiku angapo, anali olowa m'mwambo womwewo, popeza bokosi lonyamulira ziwiya za Misa ndi mabuku olembamo maina a obatizidwa ndi okwatitsidwa linkakhalanso polembera pawo.

Desiki yeniyeni inabwera ndi ukalipentala, ntchito imene mamishoni onse ankaiona ngati mbali ya maphunziro. Amishoni a ku Scotland anali ataiyamba kale ku Blantyre kuchokera mu 1876 ndi ku Khondowe, kumene sukulu ya Overtoun inatsegulidwa mu 1894, ndipo m'mamishoni a Akatolika inali m'manja mwa abulazala, amuna odzipereka kumpingo amene sanali ansembe koma ankayang'anira zomangamanga, kuumba njerwa ndi kupala matabwa. Kusema kwa makolo kunkatulutsa chinthu chimodzi kuchokera m'chipika chimodzi, kaya ndi mtondo, ng'oma kapena kampando, pogwiritsa ntchito nkhwangwa ndi sompho, pamene ukalipentala unkayamba ndi thabwa lochekedwa, limene linkapalidwa, kuyezedwa ndi kulumikizidwa ndi matabwa ena. Thabwalo linkachekedwa ndi amuna awiri, wina ataima pamwamba pa chipika ndipo wina ali m'dzenje pansi pake, akukoka sowo yaitali tsiku lonse, ndipo matabwa ochepa amene ankatuluka m'ntchito yolemetsa imeneyi ankapita kaye ku zitseko, mawindo, denga ndi guwa la tchalitchi. Ndiye chifukwa chake desiki inali yosowa, ndipo kusowa kwake kunaisandutsa chizindikiro cha udindo. Wokhala kuseri kwa tebulo anali wansembe, bwanamkubwa wa ku boma kapena kalaliki wolemba zitupa za msonkho, ndipo woimirira kapena wonjuta kutsogolo kwa tebulolo anali wodzapempha, wodzalipira kapena wodzaweruzidwa. Mnyamata amene ankachoka kusukulu ya m'mudzi n'kupita kukaphunzira pamishoni ankadziwa kuti wakwera pamene anayamba kukhala pabenchi yokhala ndi polembera.

Kusintha kwakukulu kunachitika pamene pepala linayamba kulowa m'malo mwa sileti. Boma la Nyasaland, limene kwa zaka zambiri linkangopereka kandalama kochepa ku mamishoni, linakakamizika kulowererapo pambuyo pa ulendo wa nthumwi za Phelps-Stokes mu 1924, ndipo mu 1926 linakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro, kenako n'kutsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa oyendera masukulu a m'midzi. Thandizo la ndalama linayamba kudalira zimene oyenderawo apeza, ndipo chimene woyendera amatha kuchiona ndi ntchito yosungika m'kope, osati yofufutika pasileti. Koma pepala silidziimira palokha, ndipo cholembera cha nthawi imeneyo chinali cha nsonga yachitsulo yoviika mu inki, imene imafuna malo osalala, osagwedezeka, ndi kabowo koikamo kabotolo. Inki singalembedwe bwino pabondo, chifukwa kugwedezeka pang'ono kumadontheza dontho pakope kapena kutaya botolo lonse pachovala. Motero desiki inakhala chinthu chofunika kwa aliyense wopitirira makalasi oyamba, ndipo popeza madesiki anali ochepa, malo a m'makalasi apamwamba analinso ochepa. N'zoona kuti chimene chinkatsekereza ana ambiri chinali fizi, kusowa kwa aphunzitsi ndi mayeso, koma thabwa nalonso linali ndi gawo lake pakusefa kumeneku, ndipo sukulu ya sekondale ya Dedza, yoyamba kumangidwa ndi boma, inatsegulidwa mochedwa mu 1951.

Kunja kwa sukulu, kulemba kunkafalikira mwa njira ina. Amuna ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu ankapita kukagwira ntchito m'minda ndi m'migodi ya Southern Rhodesia kapena ku Joni kudzera mwa Wenela, kufikira pamene boma linaimitsa kalembera wake mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchitowo itagwa ku Francistown, ndipo makalata ndiwo ankalumikiza maanja olekanitsidwawo. M'mudzi, katekisiti, mphunzitsi kapena mwana wasukulu ndiye ankawerengera amayi kalata ndi kuwalembera yankho, atakhala pakhonde, pepala ataligoneka pachikuto cha buku la nyimbo, pachivundikiro cha bokosi kapena pakathabwa kalikonse kamene kapezeka.

Cholembera cha bolopeni, chimene chinafala padziko lonse kampani ya Bic itayamba kugulitsa chake chotsika mtengo mu 1950, chinamasula kulemba ku botolo la inki, ndipo zotsatira zake m'masukulu a m'Malawi zinali za mbali ziwiri. Mbali yabwino inali yakuti mwana tsopano akanatha kulemba m'kope paliponse, ndipo mbali yomvetsa chisoni inali yakuti kalasi yopanda desiki ngakhale imodzi inayamba kuoneka ngati yotheka, moti kusowa kwa mipando kunaleka kuimitsa sukulu ndipo kunasanduka vuto lopiririka. Zimenezi zinaonekera poyera mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'masukulu a pulayimale ndipo chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi osaphunzitsidwa pafupifupi 20,000 analembedwa ntchito mwachangu, ndipo makoleji a aphunzitsi, kuphatikizapo ya St. Joseph's ya pa Bembeke imene imaphunzitsa aphunzitsi achizimayi, anasenza ntchito yowaphunzitsa ali kale m'kalasi. Ganizo lotsegula sukulu kwa mwana aliyense linali lolungama, ndipo palibe chifukwa cholinyozera. Koma mphunzitsi akhoza kulembedwa ntchito m'mwezi umodzi, pamene mtengo wa paini umafuna zaka zoposa 20 kuti upereke thabwa labwino. Ana a mbadwo umenewo anabwerera kumene agogo awo anayambira, pansi pa mtengo kapena pasimenti, koma tsopano ali ndi kope lofewa m'malo mwa sileti yolimba.

Kulemba m'kope lofewa pamiyendo kuli ndi mtengo wake umene thupi limalipira. Mwana amayenera kusankha pakati pa kuwerama kwambiri kuti kope likhale pansi, ndi kukweza bondo limodzi kuti kope litsamire pantchafu, pamene tsamba limapindika ndipo nsonga ya cholembera imaboola pepala. Mkono susowa kokha potsamira, komanso umakhala ndi ntchito ziwiri, yogwira kope ndi yolemba, moti kulemba kumachedwa ndipo zilembo zimapotoka, chinthu chimene chimaonekera pamayeso olembedwa mothamangitsana ndi nthawi. Ku Bembeke vutoli limakula chifukwa cha nyengo, pakuti m'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imaphimba mapiri ndipo mphepo ya chiperoni imabweretsa mvula yowaza, simenti ya m'kalasi imazizira kwambiri, ndipo zala zouma ndi chisanu sizigwira bwino pensulo. Atsikana amene akusinkhuka amavutikanso mwa njira ina, popeza kukhala pansi ndi kudzuka kuti ayankhe funso atavala diresi kumawachititsa manyazi pamaso pa anyamata, ndipo ena amasankha kukhala chete. M'masukulu ambiri madesiki ochepa amene alipo amapatsidwa ku Sitandade 8 chifukwa cha mayeso a MANEB, ndipo ana a Sitandade 1 ndi 2, amene dzanja lawo likuphunzira kumene kaumbidwe ka chilembo, ndiwo amakhala pansi, ngakhale kuti ndiwo amafunikira kwambiri malo osalala.

M'zaka za m'ma 2000 panabuka mayankho awiri osiyana. Loyamba linachokera ku South Africa, kumene Shane Immelman anayambitsa kampani yopanga thabwa lopepuka la pulasitiki, losafika kilogalamu imodzi, lodulidwa mokhota kuti ligwirane ndi mimba ya mwana, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inadziwika ndi dzina lakuti Tutudesk chifukwa Akibishopu Desmond Tutu anaichirikiza. Mwana amapatsidwa thabwalo kuti likhale lake, amapita nalo kunyumba kukalembera ntchito yamadzulo, ndipo pamwamba pake pamasindikizidwa zilembo, manambala ndi mapu. Lachiwiri linayamba mu 2010, pamene mtolankhani wa pawailesi yakanema ya MSNBC ku America, Lawrence O'Donnell, atayendera masukulu a m'Malawi, anagwirizana ndi UNICEF kukhazikitsa thumba la K.I.N.D., limene limalipira amisiri a m'Malawi momwe muno kuti apange madesiki a miyendo yachitsulo ndi matabwa pamwamba. Mayankho awiriwa sathetsa vuto limodzi. Thabwa la pamiyendo limabwezera mwana chimene sileti inkamupatsa, kutanthauza malo olimba olembapo, ndipo limachita zimenezi pamtengo wotsika, koma silimuchotsa pasimenti yozizira ndipo siliwongola msana wake. Desiki imachita zonsezi, koma ndi yodula, imadyedwa ndi chiswe ngati thabwa silinatetezedwe, imakhala kusukulu pamene mwana akupita kunyumba, ndipo ikathyoka mwendo imaunjikidwa kumbuyo kwa kalasi ngati komiti ya sukulu ilibe ndalama yoitanira mmisiri. Kuona thabwa ngati mlowam'malo wa desiki kungakhale kulakwira mwana, koma kulikana chifukwa chodikira desiki imene ingafike iye atamaliza sukulu ndi kumulakwiranso.

Laputopu, kompyuta yopindika imene maonekedwe ake anayamba ndi makina a GRiD Compass mu 1982 ndipo inafala pambuyo pa Toshiba T1100 ya mu 1985, inafika m'madera ngati Bembeke mochedwa, m'manja mwa ansembe ndi masisiteri, aphunzitsi a pakoleji, ofufuza a pamalo oyesera mbewu pamene pamalimidwa mbatatesi ndi zipatso za kumalo ozizira, alangizi a zaumoyo ndi ophunzira a maphunziro apatali. Ambiri mwa anthuwa ali ndi tebulo kuntchito, koma kunyumba tebulo ndi limodzi, lodyerapo, losita zovala ndi lolemberapo ana, ndipo magetsi akazima munthu amasamukira kulikonse kumene kuli kuwala kapena netiweki. Mliri wa Covid-19, umene unatseketsa masukulu onse m'dziko muno pa 23 March 2020, unachulukitsa ntchito yotere yapanyumba. Makinawa ali ndi mavuto awiri amene sileti ndi kope zinalibe. Loyamba ndi lakuti sikirini ndi mabatani olembera zinalumikizidwa pamodzi, chotero munthu akawaika pamiyendo manja amakhala bwino koma khosi limawerama, ndipo akawakweza kuti maso aone molunjika mapewa ndi manja ndiwo amavutika. Lachiwiri ndi kutentha, pakuti makinawa amadziziziritsa pokoka mpweya kudzera m'timabowo ta kunsi kapena m'mbali, ndipo nsalu yofewa ikatseka timabowoto, kakupizira ka mkati kamathamanga pachabe, liwiro la makina limatsika ndipo batire imakalamba msanga.

Kuzizira kwa Bembeke kumachititsa kuti cholakwika chimenechi chikhale chosavuta kuchichita, popeza madzulo a mwezi wa June munthu amafuna kugwira ntchito atafunda bulangete, ndipo kufunda kwa makina pantchafu kumamveka kokoma. Madokotala amadziwa matenda a khungu otchedwa erythema ab igne, kutanthauza mawanga ofiira kapena akuda ooneka ngati ukonde amene amatuluka pamalo otenthedwa mobwerezabwereza ndi kutentha kosafika popsereza, kwa madigiri pafupifupi 43 mpaka 47. Anthu a kumapiri amawadziwa kale mawangawa, chifukwa ndi omwe aja amatuluka m'miyendo mwa munthu wokonda kuotha moto pafupi, ndipo masiku ano amapezekanso pantchafu za ogwiritsa ntchito laputopu. Kafukufuku wa Yefim Sheynkin ndi anzake a ku Stony Brook ku New York, wofalitsidwa mu 2005, anapeza kuti kukhala ndi laputopu pamiyendo kwa ola limodzi kunakweza kutentha kwa ziwalo zoberekera za amuna ndi madigiri oposa 2.5, ndipo kafukufuku wawo wachiwiri wa mu 2011 anaonetsa kuti chotchinga choikidwa pansi pa makina sichinathetse vutoli ngati munthu wakhala ataphatikiza miyendo. Tanthauzo lake ndi lakuti mbali ina ya kutenthako imachokera ku kakhalidwe ka munthu mwini, ndipo thabwa labwino liyenera kukhala lalitali mokwanira kuti miyendo italikirane, komanso munthu azidzuka pafupipafupi.

Zoyenera kuyang'ana posankha thabwa lotere zimachokera ku mavuto amenewa, ndipo zambiri mwa izo mmisiri wa matabwa wa pamsika wa Bembeke kapena wa pa Dedza angazikwaniritse popanda kuitanitsa kanthu kunja. Pamwamba payenera kukhala polimba ndi posalala kuti timiyendo ta rabala ta makina tisiye mpata wodutsa mpweya, ndipo ngati pansi paikidwa khushoni yoteteza ntchafu, khushoniyo ikhale yopyapyala ndipo isafike pamene makina akhala. Laputopu ya mainchesi 15.6 imakhala ndi m'lifupi mwa masentimita pafupifupi 36, chotero thabwa la masentimita 50 ndi 35 limakwana, ndipo wofuna kugwiritsa ntchito mausi amawonjezera pang'ono kudzanja limene amalembera. Kamtanda kakang'ono kokhomedwa m'mphepete mwa kufupi ndi mimba kamaletsa makina kutsetsereka, koma kakatalika kamadinda m'mikono, choncho kayenera kukhala kafupi ndi kosalazidwa bwino. Kupendekeka pang'ono kumakweza sikirini ndipo kumapeputsa khosi, koma kukapitirira kumapinda manja m'mwamba, ndipo wogwira ntchito maola ambiri amapindula kwambiri akaika makina patebulo pamwamba pa mabuku angapo n'kugwiritsa ntchito kiyibodi yapadera. Mathabwa ogula okhala ndi zokupizira zamagetsi amadya batire ya laputopu yomweyo, chinthu chimene wokhala kumene magetsi amathimathima ayenera kuchiganizira asanapereke ndalama.

Mtundu wa mtengo nawonso umasiyanitsa thabwa labwino ndi lolemetsa. Paini, amene anabzalidwa m'nkhalango za boma paphiri la Dedza ndi ku Chongoni kuyambira nthawi ya atsamunda, ndi wopepuka ndi wosavuta kupala, koma akachekedwa asanaume amapindika ndipo amatulutsa utomoni akatenthedwa. Bulugamu ndi wolimba koma wolemera, ndipo amakonda kung'ambika pouma. Mlombwa ndiwo amisiri amautama chifukwa sufota kwambiri ndipo supindika, ndipo mbawa imapereka thabwa lokongola, koma mitengo iwiriyi yasowa kwambiri m'nkhalango za m'mphepete mwa phiri zotsikira ku Mua, moti kuidula pofuna kathabwa ka pamiyendo si nzeru pamene zidutswa zotsala popanga zitseko zingakwanire. Pulayiwudi ya mamilimita 9 mpaka 12 imalimba mokwanira ndipo siipindika msanga, malinga m'mbali mwake mwasalazidwa ndi kupakidwa vanishi kuti chinyezi cha nkhungu chisalowe pakati pa timapepala take.

M'masukulu a pulayimale, chipangizo chatsopano chafika kale ana ambiri asanakhalepo pa desiki. Mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga ndi masamu pa tabuleti, amene mabungwe a onebillion ndi VSO anayamba kuyesa pasukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, boma linawatenga mu 2023 pansi pa ndondomeko ya BEFIT, ndi cholinga chowafikitsa ku Sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu onse a boma, poyambira ndi masukulu 500. Tabuleti ndi yolimba ndipo imadziimira yokha monga sileti, chotero ana amaigwiritsa ntchito atakhala pamphasa, ili pamiyendo, ndipo ndalama zambiri za ndondomekoyi zimapita ku makinawo, ku magetsi a dzuwa ndi ku makabati achitsulo owasungiramo. Nthawi ya tabuleti ikatha, ana omwewo amabwerera ku kope ndi pensulo, popeza mayeso a Sitandade 8 amalembedwabe pamanja, ndipo bajeti ya madesiki a makalasi awo imakhala nkhani ina imene mphunzitsi wamkulu, komiti ya makolo ndi ofesi ya maphunziro ya ku Dedza amakambirana chaka ndi chaka.